Kodi mwana amayamba liti kuzindikira za mumtima mwa ena poona nkhope ndi pomva mawu?

Mayi wina wanditumizira imelo yofunsa za mwana wawo wamkazi wa zaka 5. Akuti akakhala ndi nkhawa kapena mantha, mwanayo amawafunsa kuti, "Amayi, mwakwiya?" ndipo akamuyankha kuti "ndili bwino" ndi mawu onjenjemera, iye amakhulupirira n'kubwerera kokasewera. Akufuna kudziwa ngati mwanayo ali ndi vuto, kapena ngati akukula wopanda chifundo.

Mayi, zimene mwafotokozazi n'zimene zimayembekezeka pa msinkhu umenewu, chifukwa luso lozindikira mmene munthu wina akumvera limayamba msanga kwambiri koma limatenga zaka zambiri kuti likhwime.

Makutu ndi amene amatsogola. Mwana amamva mawu akadali m'mimba m'miyezi yomalizira, ndipo mu 1980 akatswiri ofufuza Anthony DeCasper ndi William Fifer anaonetsa kuti makanda a masiku ochepa amasintha kayamwidwe kawo pofuna kumva mawu a mayi awo m'malo mwa mawu a mayi wina. Maso amabwera pambuyo, pakuti khanda limaona bwino zinthu zimene zili pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30 okha, womwe ndi mtunda umene nkhope ya mayi imakhala pamene akuyamwitsa. Ngakhale zili choncho, pakangopita miyezi yochepa nkhopeyo imakhala yofunika zedi. Wofufuza wina, Edward Tronick, ankapempha amayi kuti asewere ndi makanda awo, kenako aumitse nkhope mwadzidzidzi osamwetulira kapena kuyankhula. Khandalo limayamba layesa kumwetulira, limatambasula timanja, limakuwa, ndipo likaona kuti palibe chikusintha limayang'ana kumbali n'kuyamba kulira.

Pofika chaka chimodzi, mwana amadalira nkhope ya mayi posankha chochita. Mu 1985 James Sorce ndi anzake anaika ana a miyezi 12 pa galasi lolimba limene pansi pake pankaoneka ngati dzenje, mayi ali tsidya linalo. Mayi akaonetsa nkhope ya mantha, palibe mwana amene anawoloka, koma akamwetulira ana ambiri ankakwawa n'kuwoloka.

Komatu kudziwa kuti zinthu sizili bwino n'kosiyana ndi kutchula dzina la chimene chavuta, ndipo apa m'pamene pagona funso lanu. Sherri Widen ndi James Russell anapeza kuti ana aang'ono amayamba ndi magulu awiri okha, nkhope zabwino ndi nkhope zoipa, ndipo amazigawa pang'onopang'ono akamakula. Chimwemwe amachidziwa poyamba, kenako mkwiyo ndi chisoni, pomwe mantha ndi kudabwa zimabwera pambuyo, ndipo nkhope ya kunyansidwa ndi imene imachedwa kwambiri, moti ana ambiri amene ayamba kale sukulu amaitchabe mkwiyo. Choncho mwana wanu akaona mwakwinya pamphumi n'kufunsa ngati mwakwiya, waona ndithu kuti mtima wanu suli m'malo, ndipo wagwiritsa ntchito dzina limene ali nalo. Kwa ine chimenechi ndi chizindikiro chabwino, chifukwa mwana wosalabadira za ena sakanasiya chidole chake kuti akufunseni.

Nkhani ya "ndili bwino" nayonso inafufuzidwa. Mu 2001 Bruce Morton ndi Sandra Trehub anamvetsera ana ziganizo zimene uthenga wake unkatsutsana ndi kamvekedwe ka mawu, monga nkhani yachisoni yonenedwa mwansangala. Ana a zaka 4 ankatsatira zimene zanenedwa, akuluakulu ankatsatira kamvekedwe, ndipo ana ankayamba kutsamira ku kamvekedwe akamayandikira zaka 10. Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri n'chakuti ziganizo zikanenedwa m'chinenero chimene anawo sadziwa, ankatha kusiyanitsa bwino mawu achisoni ndi achimwemwe. Khutu la mwana wanu limamva kunjenjemera kwa mawu anu, koma zimene mwanena zimamulemerera kuposa mmene mwazinenera, makamaka popeza wonenayo ndinu amene amakukhulupirirani.

Kukula kwa lusoli kumapitirira mpaka pa unyamata, ndipo kuzindikira za mumtima pomva mawu okha kumachedwerapo kukhwima kusiyana ndi poona nkhope. Pa ukalamba zinthu zimasinthanso, pakuti mu 2008 Ted Ruffman ndi anzake, atasanthula kafukufuku wambiri, anapeza kuti okalamba amavutikirapo kuzindikira mkwiyo, chisoni ndi mantha pa nkhope poyerekeza ndi achinyamata. Malo amene mwana akukulira nawonso amaumba lusoli: Seth Pollak anapeza kuti ana amene amamenyedwa amazindikira nkhope ya mkwiyo msanga kuposa anzawo, ngakhale chithunzi chisanaoneke bwinobwino.

Langizo langa ndi lakuti musamamubisire ndi "ndili bwino" pamene nkhope yanu ikunena zina. Simukufunika kumusenzetsa mavuto a akuluakulu, koma mungathe kumuuza kuti, "Sindinakwiye, mwanangu, ndili ndi nkhawa chabe, ndipo si iwe wachititsa." Mukatero mumamuphunzitsa dzina latsopano la mmene mukumvera pa nthawi imene nkhope yanu ili pamaso pake, ndipo mumamuchotsera mantha akuti walakwa. Mukamaonera limodzi zithunzi za m'buku, muzimufunsa mmene munthu wa pachithunzipo akumvera komanso chimene chamuchitikira, chifukwa ana amazindikira mantha mosavuta akadziwa chimene chawayambitsa.

Zimene zingafunike kuti muonane ndi dokotala wa ana ndi zina: ngati mwana sayang'ana anthu kumaso, satembenuka akaitanidwa dzina, kapena sasonyeza kuti waona chilichonse mnzake akamalira pafupi naye. Zikatero, pemphani kuti ayambe amuyeza makutu ndi maso. M'kalata yanu simunatchulemo chilichonse mwa zimenezi.