Funsani za Masewera: Kodi mtsikana angathamange makilomita 42?

FUNSO: Ndine mayi wa ana anayi, ndimagulitsa kaunjika mumsika. Mwana wanga wachiwiri, mtsikana wa zaka 16, wakhala akupambana mipikisano yothamanga kusukulu kwawo. Mu Epulo anaonera Boston Marathon pa TV ya aneba, ndipo kuchokera tsiku limenelo nkhani yake ndi yomweyo, akuti tsiku lina adzathamanga kumeneko. Koma amalume ake akukana, akuti mkazi akamathamanga mitunda italiitali sadzabereka. Kodi mpikisano umenewu ndi wotani, ndipo unayamba liti? Nanga zimene akunena alongo angawa n'zoona? — Mayi wa ku Dedza

YANKHO: Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Ndiyambe ndi mpikisanowo, chifukwa mawu a amalumewo tikawapeza m'mbiri yake momwemo.

Boston ndi mzinda wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, kumpoto chakum'mawa kwa America, m'chigawo cha Massachusetts. Masewera a Olympics atayambiranso ku Athens mu 1896, kunali mpikisano wothamanga kuchoka m'tauni ya Marathon kukafika mumzindawo. Anthu a kalabu ya Boston Athletic Association amene anapita kumeneko anachita nawo chidwi, ndipo atabwerera kwawo anakonza wawo. Unachitika koyamba pa 19 Epulo 1897. Anauyamba amuna 15, amene anafika kumapeto anali 10, ndipo anapambana John McDermott wa ku New York pa maola 2, mphindi 55 ndi masekondi 10. Nthawi imeneyo mtundawo unali waufupi pang'ono, pafupifupi makilomita 39. Mu 1924 anasuntha poyambira kupita kutauni ya Hopkinton kuti mtunda ufanane ndi wa ku Olympics, makilomita 42.195. Kuti mumvetse kutalika kwake, ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ulendo wochoka ku Blantyre kupita ku Zomba.

Palibe marathon ina ya chaka ndi chaka imene ili yakale kuposa imeneyi. Imachitika pa holide yawo yotchedwa Patriots' Day, ndipo kuyambira mu 1969 tsikulo limakhala Lolemba lachitatu la Epulo. Mu 1918, nkhondo yoyamba ya padziko lonse ili mkati, m'malo mwake anathamangitsa magulu a asilikali mopatsirana. Mu 2020 Covid-19 inaletsa anthu kusonkhana pamsewu, ndipo chaka chotsatira mpikisanowo unachitika mu Okutobala. Kupatula apo, mvula igwe, dzuwa liswe mtengo, anthu amathamanga. Masiku ano amakhala pafupifupi 30,000.

Njira yake ndi yopusitsa. Kuchoka ku Hopkinton msewu umayamba ndi kutsetsereka, ndiye wothamanga wosadziwa amaumwetsa liwiro poganiza kuti lero thupi lapepuka. Kenako cha pa makilomita 26 akulowa m'dera la Newton, kumene kuli zitunda zinayi zotsatizana, ndipo chomaliza, chotchedwa Heartbreak Hill, chimamupeza atadutsa makilomita 32, miyendo italema kale. Si phiri ayi, munthu wa ku Dedza angachiseke. Chimapweteka chifukwa cha malo amene chili. Ngakhale Eliud Kipchoge, katswiri wa ku Kenya amene dziko lonse limamudziwa, atapita ku Boston mu 2023 anathera pa nambala 6.

Tsopano tifike pa amalume. Zimene akunenazo si zachilendo, ndipo si za kwathu kuno kokha. Akuluakulu a masewera ku America ankakhulupiriranso kuti thupi la mkazi silingapirire mtunda wautali, moti kwa zaka zoposa 70 mpikisano wa Boston unali wa amuna okhaokha. Mu 1966 mtsikana wina wa zaka 23, Roberta Gibb, anapempha kuti amulembe. Anamuyankha pakalata kuti akazi sangathe. Iye anakwera basi kuchoka ku California, ulendo wa masiku angapo, n'kukabisala patchire pafupi ndi poyambira atavala kabudula wa mlongo wake ndi juzi yophimba kumutu. Gulu litanyamuka analowa pakati pawo. Anamaliza pa maola 3, mphindi 21 ndi masekondi 40, ndipo amuna ambiri a tsiku limenelo anafika iye atafika kale.

Chaka chotsatira Kathrine Switzer, wophunzira pa yunivesite ya Syracuse, analembetsa dzina lake kuti K. V. Switzer, ndipo anamupatsa nambala 261. Ali pamsewu, mmodzi mwa oyendetsa mpikisanowo, Jock Semple, anamuthamangira n'kumugwira kuti amuchotse nambalayo. Chibwenzi cha Switzer, mnyamata wadzitho amene ankathamanga naye limodzi, chinamukankhira bamboyo kumbali, ndipo mtsikanayo anapitiriza mpaka kumapeto. Atolankhani anajambula zonsezo. Ine ndikaona zithunzi zimenezo chimene chimandikhudza ndi nkhope ya mtsikanayo: mantha akuonekeratu, koma miyendo sinaime. Patapita zaka 50, mu 2017, mayi yemweyo anabwerera ali ndi zaka 70, atavala 261 yomwe ija, ndipo anamalizanso.

Akazi anawaloleza mwalamulo mu 1972. Anayamba asanu ndi atatu, onse anamaliza, ndipo anapambana Nina Kuscsik, mayi wa ana atatu. Marathon ya akazi inalowa mu Olympics mu 1984 ku Los Angeles.

Koma munthu amene ndikufuna mukawauze amalumewo ndi Catherine Ndereba wa ku Kenya. Anabereka mwana wamkazi mu 1997, atathamanga kale zaka zambiri kuyambira ali pasukulu. Atabereka anabwerera pamsewu n'kupambana Boston kanayi: 2000, 2001, 2004 ndi 2005. Hellen Obiri, amene anapambana mu 2023 ndi 2024, nayenso ndi mayi. Kuthamanga sikutseka mimba, mayi, ndipo ndikunena izi mosazengereza.

Pali chinthu chimodzi chenicheni chimene muyenera kuchiyang'anira, ndipo mwina ndi chimene chinabala mphekeserayi. Mtsikana akamachita masewera olimbitsa thupi kwambiri koma osadya mokwanira, thupi limayamba kusunga mphamvu, ndipo msambo ukhoza kusokonekera kapena kuima. Vuto pamenepo ndi njala ya m'thupi, ndipo zimabwerera m'malo akayamba kudya bwino ndi kupuma. Choncho mbale yake isamachepe: nsima, nyemba, usipa, mazira, masamba, mtedza, mbatata, zomwe zija muli nazo kale. Mukaona kuti miyezi yadutsa osasamba, kapena akumva chizungulire ndi kutopa kosatha, pitani naye kuchipatala akamuyeze magazi. Musadikire.

Komanso pa zaka 16 asafulumire makilomita 42. Ku Boston komweko salola munthu wosakwana zaka 18. Akatswiri ambiri a ku Kenya ndi Ethiopia anayambira pa mitunda yaifupi ndi mipikisano yodutsa m'minda ndi m'zitunda, n'kumakwera pang'onopang'ono. Mwana wanu alimbikire mamita 1,500, 3,000 ndi 5,000, aphunzitsi a zamasewera amuthandize kupeza mipikisano ya boma ndi ya chigawo, ndipo sukulu asaisiye. Dedza ndi malo okwera ndi ozizira, abwino kwa wothamanga mtunda wautali. Nsapato zomukwana bwino mumupezere m'belo lanu lomwelo.

Zoti mwana wa mu Africa angakapambane ku Boston, zimenezo zinayankhidwa kale. Mu 1988 Ibrahim Hussein wa ku Kenya anakhala munthu woyamba wa mu Africa kupambana, ndipo anaposa Juma Ikangaa wa ku Tanzania, aneba athu, ndi sekondi imodzi yokha. Tangoganizani, kuthamanga maola awiri ndi mphindi zingapo n'kusiyana ndi sekondi imodzi! Mu 1997 Fatuma Roba wa ku Ethiopia anatsegulira akazi a mu Africa njira, ndipo anapambana zaka zitatu zotsatizana. Ernst van Dyk wa ku South Africa anapambana ka 10 m'gawo la othamanga pa njinga za anthu a ulumali. Ndipo mu 2013, pamene mabomba awiri anaphulika pafupi ndi pomalizira pa Boylston Street n'kupha anthu atatu ndi kuvulaza oposa 260, wopambana wa tsikulo, Lelisa Desisa wa ku Ethiopia, anabweza mendulo yake kwa anthu a mumzindawo powapepesa.

Amalumewo musakangane nawo. Akulankhula chifukwa chomukonda mwanayo, ndipo mawu awo pabanja ndi olemera. Tsiku la mpikisano wotsatira kusukulu muwaitane akaone okha mphwawo akuthamanga.

FUNSO: Ndimagwira ntchito ya ulonda ku Johannesburg ndipo ndamalizapo Soweto Marathon. Ndikasunga ndalama za ndege, kodi ndingangopita ku Boston kukathamanga? — Wowerenga wa ku Johannesburg

YANKHO: Achimwene, ndalama zokha sizikwanira. Kuyambira mu 1970 Boston imafuna kuti munthu asonyeze kaye nthawi imene anathamanga pa marathon ina yovomerezeka, imene mtunda wake unayezedwa mwalamulo. Nthawiyo imatengera zaka zanu komanso ngati ndinu mwamuna kapena mkazi. Pa mpikisano wa 2026, mwamuna wa zaka 18 mpaka 34 ankafunika nthawi yosapitirira maola 2 ndi mphindi 55, ndipo malire ake amafewa munthu akamakula. Chovuta china n'choti okwanitsa amachuluka kuposa malo, ndiye amayamba kutenga othamanga kwambiri, moti kungokwanitsa ndendende nthawi zambiri sikukulowetsani. Malo ena amapatsa anthu othamangira mabungwe achifundo, koma amenewo amafunika kusonkhetsa madola masauzande angapo.

Kulembetsa kumachitika pa intaneti mu Seputembala, ndipo malire a nthawi amasintha zaka zina, choncho muone pa tsamba la Boston Athletic Association musanayambe kukonzekera. Soweto ili ndi zitunda, kumatentha, ndiponso Johannesburg ndi malo okwera kumene mpweya umapepuka. Ngati mukufuna nthawi yabwino, kayeseni Cape Town Marathon, imene njira yake ndi yosalalirapo ndipo ili m'mphepete mwa nyanja. Za visa ya ku America muyambe kufufuza msanga, musanagule tikiti.