Makasitomala akuti baga ikuwawa mchere, wophika akuti ili bwino: ndimvere ndani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene ali ndi lesitilanti yaing'ono ku Zomba. Ndaifupikitsa, koma akuti: "Mwezi uno anthu angapo abweza baga ati ikuwawa mchere, wina mpaka walemba pa Facebook. Wophika wanga ndi wakalekale pa ntchitoyi, akalawa akuti mchere wakolera bwinobwino, anthuwo akungofuna kudya zaulere. Ine ndikalawa, tsiku lina ili bwino, tsiku lina ayi. Munthu akadandaula ndizitani? Ndizibweza ndalama? Nanga wophikayo ndimuuze bwanji osamukhumudwitsa?"

Amayi, zikomo polemba. Mwanena nokha kuti tsiku lina ili bwino, tsiku lina ayi. Ndiye kuti makasitomalawo sakunama, ndipo mwina wophika wanunso sakunama. Mchere wa m'baga yanu ukuyezedwa ndi dzanja, ndipo dzanja la Lolemba m'mawa si lofanana ndi la Lachisanu usiku anthu atadzaza mpaka pakhomo. Koma tiyambire patebulo, poti ndi pamene moto umabukira.

Munthu akaitana weta n'kunena kuti baga yawawa mchere, pasakhale mlandu wozenga. Lilime ndi lake, ndalama ndi zake. Weta anene mawu ochepa: "Pepani bwana, tikukonzerani ina pompano. Kapena mungakonde china?" Anyamule mbaleyo, abweretse madzi akumwa, ndipo baga yatsopanoyo idumphe mzere wa maoda onse ali kukhitchini. Munthu amene anzake akudya iye akungoyang'ana, mphindi khumi zimamukwana kuti ayambe kulemba pafoni. Mawu amene ndimadana nawo kwambiri ndi akuti "aliyense amaikonda chonchi" ndi akuti "ndi mmene timaphikira". Mawu otere akumuuza kasitomala kuti vuto ndi pakamwa pake. Ndipo wophika asatuluke m'khitchini kudzalawa m'mbale ya munthu pamaso pake, ayi ndithu.

Funso limodzi lokha ndi lofunika weta afunse, mwaulemu: chachuluka ndi mchere, tsabola, kapena zokometsera zina? Anthu ambiri amangoti "yawawa", pomwe wina akunena mchere, wina tsabola wakuda, wina adyo. Mukapanda kufunsa mudzachepetsa mchere pamene vuto linali tsabola. Funso lachiwiri ndi la inu kukhitchini: mcherewo uli m'nyama, mu sosi, kapena pa tchipisi? Kuti mudziwe, tapani kanyama kochepa pa nyama yogaya imene munapangira baga ija, mukazinge pachiwaya, mulawe kokha popanda banzi. Lawaninso sosi payekha.

Apa ndi pamene eni malesitilanti ambiri amadabwa. Mchere wa m'baga suchokera malo amodzi. Banzi lili ndi mchere wake, chifukwa buledi wamba amakhala ndi pafupifupi galamu imodzi ya mchere pa magalamu 100. Kachidutswa ka tchizi kokutidwa m'pulasitiki kaja kamaposa theka la galamu. Tomato sosi, mayonezi, bekoni, nkhaka zoviika m'viniga, zonsezi zimabwera kale ndi mchere. Kenako pali zija timazitcha zokometsera: Aromat, makyubu a Knorr kapena Royco, ndi masipaisi osakaniza kale a nyama yowotcha. Tembenuzani paketi muwerenge. Zinthu zimalembedwa kuyambira chochuluka kwambiri, ndipo pa zambiri mwa izi mchere ndiwo uli koyambirira. Choncho wophika amene wathira mchere, n'kuwaza Aromat, n'kunyenyera kyubu, wathira mchere katatu koma mumtima mwake akudziwa kuti wathira kamodzi. Paketi ikalemba sodium, amene ndi gawo limodzi chabe la mchere, chulukitsani nambalayo ndi 2.5 kuti mupeze mchere weniweni.

Funsaninso ku butchala. Ena amagulitsa nyama yogaya yothira kale sipaisi, makamaka imene aumba kale kukhala mabaga. Ndipo ngati mwasintha mtundu wa sipaisi, bekoni kapena tchizi posachedwa, muyeso wanu wakale watha ntchito. Ku South Africa, kumene katundu wambiri wa m'masitolo athu amachokera, lamulo loika malire a sodium m'buledi, nyama zokonzedwa kale, supu waufa ndi makyubu linayamba kugwira ntchito mu 2016, n'kukhwimitsidwanso mu 2019. Katundu wochokera kwina satsata malire amenewo, ndiye mapaketi awiri ooneka ofanana akhoza kusiyana mchere.

Chinanso ndi kusinthana kwa antchito. Wa m'mawa amathira mchere posakaniza nyama, wa madzulo osadziwa amawazanso pamwamba poika pamoto. Palibe walakwa dala, koma kasitomala wadya mchere wa anthu awiri. Onjezani kuti nyama ikamapsa imataya madzi ndi mafuta, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake, koma mchere wambiri umatsalira. Baga youma, yokhalitsa pamoto, imawawa mchere kuposa yofewa ngakhale munathira mofanana. Izi sizikutanthauza kuti muzipereka yosapsa. Nyama yogaya iyenera kufika madigiri 71 mkati mwake, chifukwa tizilombo tokhala pamwamba pa nyama timalowa paliponse poigaya.

Nanga bwanji wophika wanu akulumbira kuti ili bwino? Chifukwa munthu amene wakhala akulawa kuyambira m'mawa, ali pamoto thukuta lili kamukamu, lilime lake limazolowera mchere. Pofika madzulo zimene kwa inu zawawa, kwa iye zangokolera. Amalawanso kanyama kamodzi, pamene kasitomala akudya baga yonse ndi tchipisi zothira mchere pambali. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Wobwera kuchokera panja ndi lilime lopuma akumva zimene a m'khitchini asiya kumva.

Mankhwala ake ndi sikelo, ija ya dijito yoyeza magalamu. Osati supuni, chifukwa supuni yaing'ono ya mchere wosalala imalemera pafupifupi magalamu 6, pamene ya mchere wamibulu imapepuka, ndiye tsiku limene mwagula mchere wina muyeso wasokonekera. Ophika ambiri amayambira pa galamu imodzi ya mchere pa magalamu 100 a nyama. Ine pa baga yokhala ndi tchizi ndi bekoni ndingatsike kufika magalamu 7 kapena 8 pa kilogalamu, kuwerengera ndi mchere wa m'sipaisi momwemo. Baga ya magalamu 150 ikhale ndi mchere wongopitirira pang'ono galamu imodzi. Zikuoneka zochepa, koma mukaphatikiza banzi, tchizi, sosi ndi tchipisi, mbale imodzi ikuyandikira magalamu 5 amene bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafikepo pa tsiku lonse. Ndipo masiku ano anthu a BP ndi ambiri. Wina akamadandaula za mchere si kuti ndi wamatama, anachita kuuzidwa kuchipatala.

Langizo langa lenileni ndi lakuti musathire mchere mkati mwa nyama n'komwe. Umbani mabaga opanda mchere, muziwaza pamwamba pokhapokha akupita pamoto. Mchere ukakhalitsa m'nyama yogaya umasungunula puloteni yotchedwa myosin, nyama imamatana n'kulimba ngati soseji. Kuwaza pamwamba kumasiya baga yofewa, komanso kumakupatsani mpata: munthu akati "yanga musathire mchere", mukhoza kumuchitira. Ngati inasakanizidwa kale m'mawa, mulibe chomuyankha. Yezani muyeso wa baga imodzi, pezani kasupuni kokwana ndendende muyesowo, kazikhala pambali pa chiwaya, ndipo lembani papepala mumate pakhoma. Patebulo ikani mchere ndi botolo la Nali, wofuna zambiri awonjezere yekha.

Nyama imene yawawa kale musataye, bola ikhale kuti sinagone kunja kwa filiji. Isakanizeni ndi ina yopanda mchere, kapena ipite ku masamusa ndi msuzi wa supageti, osathiranso mchere. Zoti mbatata imayamwa mchere zisiyeni, pa baga sizithandiza. Ndipo baga yobwezedwa ndi yotaya, osati kuipaka mayonezi wambiri n'kuibweza patebulo.

Za ndalama: amene waluma kawiri n'kudandaula mpatseni ina, alipire imodzi yokha. Akakana ina, musamulipiritse. Amene wamaliza mbale yonse n'kudandaula polipira, pepesani, mchotsereni mtengo wa chakumwa, basi. Alipo ofuna zaulere, sindikukana, koma ndi ochepa, ndipo njira yowatsekera ndi yakuti weta azibwerera patebulo chakudya chikangoyambika: "Amayi, zonse zili bwino?" Wakuti "eya" pamenepo savutanso pamapeto. Sungani kabuku, muzilemba tsiku, nthawi, mtundu wa baga ndi amene anali pamoto. Pakatha masabata awiri mudzaona nokha ngati madandaulo akugwera pa baga ya bekoni, kapena madzulo okhaokha.

Uja wa pa Facebook muyankheni kamodzi, poyera, mwachidule: mwamva, mwapepesa, mwasintha kayezedwe ka mchere, abwere adzalawe. Musafotokoze mbiri ya wophika wanu, musafufute zimene walemba, ndipo achibale anu asapite kukamutukwana m'malo mwanu. Anthu owerenga amayang'ana yankho lanu kuposa dandaulolo.

Wophikayo musamuyankhule pamaso pa anyamata ake, kapena nthawi imene maoda ali mbwee. Khalani naye m'mawa asanalawe kanthu. Muuzeni kuti, "Achimwene, ndikufuna baga yathu izikoma chimodzimodzi ngakhale tsiku limene inu mwapuma, tiyeni tipeze muyeso." Akazinge mabaga atatu, ya magalamu 6, ya 8 ndi ya 10 pa kilogalamu, aike banzi, tchizi ndi sosi monga mwa masiku onse, mudule tizidutswa, antchito onse alawe osadziwa kuti iyi ndi iti. Imene ambiri asankha ndiyo ilembedwe pakhoma, ndipo alembe ndi iyeyo. Koma zodula malipiro ake pa baga iliyonse yobwezedwa musayerekeze. Mukatero iye ndi maweta adzagwirizana kubisa madandaulo, kabuku kaja kadzakhala kopanda kanthu, ndipo inu muzidzamvera pa Facebook.