Yankho kwa Amayi a sitolo ku Kapata, mumzinda wa Chipata ku Zambia

Amayi, mwafunsa ngati ndi bwino kumuchotsa ntchito mnyamata wa m'sitolo mwanu, amene achipatala anati ali ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo), chifukwa sapereka moni kwa makasitomala ndipo amatseka makutu phokoso la msika likakula. Ine ndikuona kuti musatero, chifukwa zimene mwafotokozazi si mwano kapena ulesi.

Ubongo wa munthu wa autism umalandira phokoso, kuwala ndi zolankhula za anthu mosiyana ndi wa ambiri, moti wailesi imene inu simuimva n'komwe, kwa iye ingakhale yoboola m'makutu tsiku lonse. Vutoli munthu amabadwa nalo, ndipo silichokera kwa afiti monga ena amanenera. Popeza mwanena nokha kuti sasokoneza powerengera katundu, muikeni kumbuyo kumene kuli mabuku ndi makatoni, ndipo wina azilandira makasitomala. Mulembereni ntchito za tsikulo papepala motsatana, mumuuziretu ngati nthawi yotsegula isintha, ndipo polankhula naye pewani kuzungulira ndi mikuluwiko, chifukwa mawu amawatenga monga mwawanenera. Koposa zonse mufunseni iye mwini chimene chimamuthandiza, poti anthu a autism safanana.

Dziwaninso kuti lamulo la dziko la Zambia lokhudza anthu olumala, la Persons with Disabilities Act la 2012, limaletsa kusala munthu pantchito chifukwa cha ulumali, ndipo bungwe la boma loona za anthu olumala la Zambia Agency for Persons with Disabilities lingakulangizeni. Anzake a m'sitolo muwafotokozere pokhapokha iye atavomera, chifukwa nkhaniyo ndi yake.