Mawu akuti "strike" m'manyuzipepala a ku Joni: kodi ponseponse ndi sitalaka?

Funso: Ndimamasulira nkhani za m'manyuzipepala a kuno n'kumaziponya pa gulu la WhatsApp la Amalawi a ku Rosettenville. Mawu akuti "strike" ndimawapeza pa nkhani za kumigodi, za mpira ngakhalenso za mvula. Kodi ndizingolemba kuti sitalaka?

Ayi achimwene. Sitalaka ndi ya anthu apantchito basi, ndipo musanathamangire cholembera yambani mwaona kuti akuchita zimenezo ndani.

Akakhala antchito amene asiya zida pansi pofuna malipiro, lembani kuti anyanyala ntchito kapena ali pa sitalaka. Za ku Marikana mu 2012 zinali zotero: ogwira ntchito mumgodi wa Lonmin adanyanyala ntchito pofuna R12,500 pamwezi, ndipo pa 16 August apolisi adawombera ndi kupha anthu 34. Koma mneni "kunyanyala" musamusiye yekha. Mukalemba kuti "madalaivala anyanyala", wowerenga amva ngati akwiya n'kukhala phee ngati mwana womanidwa chitumbuwa. Tchulani chomwe anyanyalacho: ntchito, makalasi, msonkhano. Akaidi okana kudya nawonso anyanyala chakudya.

Atolankhani a kuno amasiyanitsanso "protected strike" ndi "unprotected strike". Yoyambayo ndi sitalaka yotsata ndondomeko: nkhani yapita kaye ku CCMA (bungwe loyanjanitsa antchito ndi abwana awo) kapena ku bungwe lokambirana za malipiro, kumvana kwakanika, kenako abwana adziwitsidwa kutatsala maola 48. Yachiwiriyo muzilemba kuti yosatsata ndondomeko. Osalemba kuti "yoletsedwa", chifukwa anthu aganiza kuti ndi mlandu wokalowa nawo m'chitokosi, pomwe choopsa chake n'kuchotsedwa ntchito.

Pomwe ambiri amaphonya ndi apa. M'makomboni muno anthu akatseka msewu ndi miyala ndi matayala oyaka chifukwa madzi kapena magetsi akusowa, pakamwa amangoti kuli strike. Palibe amene wanyanyala ntchito pamenepo. Zimenezo ndi zionetsero. Mukalemba kuti "a ku Diepsloot anyanyala ntchito", m'bale wathu adzuka m'mamawa kukadikira takisi osadziwa kuti msewu ndi wotseka.

Zinazo n'zosavuta. Pa mpira, "striker" ndi wosewera kutsogolo kapena womwetsa zigoli, monga Gabadinho Mhango amene adamwetsa zigoli 16 mu ligi ali ku Orlando Pirates mu 2019/20. Pa mvula ya mabingu imene imavuta kuno m'miyezi yotentha, akalemba "struck by lightning" ndiye kuti munthu waombedwa ndi mphenzi. Pa nkhondo, "air strike" ndiye kuti ndege zaponya mabomba. Andale akachita "strike a deal", agwirizana, palibe wamenyedwa.

Funso: Mlamu wanga mlandu wake akuti wachitidwa "struck off the roll" ku khoti la majisitireti. Ndiwauze kumudzi kuti wapambana?

Musatero mayi, mungawavinitse msanga. Mawuwo akuchokera ku "strike" yemweyo, koma apa akutanthauza kufufuta dzina la mlandu pa mndandanda wa milandu yoti imvedwe. Zimachitika kawirikawiri pamene fayilo ya apolisi sinafike, mboni sizikubwera, kapena oimira boma achulutsa kupempha kuti mlandu uimitsidwe. Munthu amapita kwawo, inde, koma khoti silinanene kuti ndi wosalakwa, ndipo boma likakonza mapepala ake likhoza kumuitananso pa mlandu womwewo.

Choncho kumudzi auzeni kuti mlandu wachotsedwa kaye pa mndandanda. Mawu akuti "kaye" musawaiwale. "Wapezeka wosalakwa" sungani mpaka woweruza atamva umboni n'kugamula, ndipo alamu anuwo asataye kapepala kolembedwa nambala ya mlandu.