Zinandidukira pa mphindi ya 40, ndili pa disiki

Achimwene, musanatseke voti yosankha pakati pa Zoom, Meet ndi Jitsi, mapulogalamu okumanirana pa intaneti, ya misonkhano yathu ya Loweruka yophunzitsana za makompyuta, ndiloleni nditulutse kaye chimene chandikhala pakhosi. Nditangoona funso lanu mutu wayambanso kuwawa ngati tsiku lija la Novembala 2025. Ena muno munalipo m'kagulu koyamba kaja, mukudziwa kale. Amene mwabwera kumene, khalani pansi mumve.

Microsoft inali itangosiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala, ndipo malaputopu athu ambiri, aja timagula atatopa kale kwina, Windows 11 inkawakana chifukwa alibe TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo komwe imafuna. Tinagwirizana kuti ine ndionetse anthu kaikidwe ka Linux Mint, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta, pambali pa Windows, kuti munthu azisankha yekha poyatsa. Ndinakonzekera milungu iwiri. Fayilo ya Linux Mint ya pafupifupi 3 GB ndinaitsitsa pakati pa usiku kuno ku Ulongwe, kudikira megasi otchipa, mvula yoyamba ikugunda pamalata. Ndinakonza VirtualBox, pulogalamu yopanga kompyuta yongoyeserera mkati mwa kompyuta yeniyeni, kuti aliyense aziona sikirini yanga pamene ndikudina. Ndinalembanso m'kope zoti ndikanene, ngati mwana wokonzekera mayeso.

Tcheya wa kagulu kaja, dzina sinditchula, amakhala mumzinda wa Tete ndipo intaneti yake ndi ya ku ofesi, sadziwa kuwawa kwa saldo. Iyeyo ndi amene analamula kuti tikumane pa Zoom yaulere, pa akaunti yake yokha, ndipo aliyense ayatse kamera "kuti tizionana nkhope ngati anthu". Ndinamuuza masana omwewo kuti yaulere imaduka pa mphindi 40, andipatse ine udindo woyendetsa kapena tigawe msonkhano pawiri. Anandiyankha ndi kachala kamodzi kaja koimika m'mwamba. Basi.

Tinalowa anthu 23, seveni koloko madzulo. Pemphero, chabwino, sindidana nalo. Kenako moni. Osati moni wa tonse pamodzi ayi, koma mmodzimmodzi, boma ndi boma. A ku Moatize mwaswera bwanji, a ku Songo mwaswera bwanji, a ku Zóbuè kodi mukutimva, a ku Tsangano onetsani nkhope, a ku Chifunde kamera yanu yaloza denga. Wina maikolofoni ili yoyatsa, tikumva mwana akulirira nsima ndi wailesi ikuulutsa mpira. Kenako tcheya anayamba mbiri ya gulu, mmene analiyambitsira, mmene ena ankamunyozera. Ine ndikuyang'ana wotchi, thukuta lili kamukamu m'manja. Anandipatsa mpata pa mphindi ya 24.

Ndinathamanga. Ndilo tchimo langa, ndikulivomera. Za kukopera mafayilo kaye pa flash ndinangozidutsa ndi mpweya umodzi, pomwe m'kope mwanga ndinazilemba ndi zilembo zazikulu, nditazitseka mzere kawiri. Chilankhulo, kiyibodi, dina apa, dina apo, mpaka tinafika pa tsamba lija limene aliyense woika Linux amalidziwa, lofunsa chochita ndi disiki. Mzere woyamba, ikani pambali pa Windows. Wachiwiri, Apagar disco, kufufuta zonse. Ndinaika kamuvi ka mbewa pa wachiwiriwo, ndikuuzunguliza kuti aliyense auone bwino, n'kunena kuti, "Abale, yang'anitsitsani mzere wachiwiriwu, umenewu ndi umene..."

Pomwepo mpamene zinaduka. Mawu akuti "musaukhudze ngakhale pang'ono" ndinawauza khoma la m'chipinda changa. Ndipo sindinadziwe msanga. Ndinapitiriza kuphunzitsa ndekha mphindi ziwiri zathunthu, ndikuseka nthabwala zanga zomwe, mpaka mayi a kunyumba anasuzumira pakhomo n'kufunsa kuti kodi anzanuwo bwanji angoti zii.

Ndinayesa kulowanso, akuti dikirani mwini msonkhano. Ndinaimbira tcheya, foni ikungolira. Ndinaimbanso kanayi. Munthu anali atapita kukaperekeza mlendo kumsewu, laputopu ataisiya patebulo. Kachenjezo koti nthawi ikutha kanatuluka ndithu, iye sananene kanthu. Atabwerako, m'malo mongoyatsanso msonkhano womwe uja, anapanga linki yatsopano n'kuiponya m'gulu lake la mpira. Mphindi 17 zinapita choncho. Titakumananso tinatsala anthu 9, enawo megasi anali atathera m'makamera.

Koma mkati mwa mphindi 17 zija ndi momwe munagwa tsoka. Pa WhatsApp panalowa uthenga wa mnyamata wina wa ku Furancungo, mwana waulemu, wosalankhulalankhula, amene ankatsatira pa laputopu yeniyeni foni ataitsamiritsa pa kapu. Analemba kuti, "Achimwene zatheka, ikuika, yadutsa theka." Miyendo yanga inazizira. Ndinamufunsa kuti wasankha mzere uti. "Wachiwiri uja munaloza uja."

Laputopu sinali yake. Inali ya mlongo wake, ndipo munali monografia yake yomalizira maphunziro, zithunzi za maliro a mayi awo, ndi kaundula wa fodya wa bambo awo wa zaka zitatu. Ndinamuuza azimitse nthawi yomweyo, asayatsenso, asaikemo chilichonse. Lolemba anafika pa njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo, laputopu ataikulunga m'chitenje n'kuiika m'jumbo ziwiri. Ndinachotsa disiki, n'kuilumikiza ku kompyuta yanga, ndipo PhotoRec, pulogalamu yobweza mafayilo ofufutika, inayenda usiku uwiri. Amene munaigwiritsapo ntchito mukudziwa mmene imabwezera zinthu, mafoda a recup_dir.1, recup_dir.2 mpaka kutopa, mafayilo opanda maina, manambala okhaokha. Tinakhala pa mphasa kutsegula imodziimodzi. Zithunzi zambiri zinabwera, zina zitadulidwa pakati, theka nkhope theka imvi. Kaundula wa fodya sanapezeke, Linux inali italemba pamwamba pake. Monografia tinapeza yakale ya mu Ogasiti, mitu itatu mwa isanu. Mlongo wake atandiimbira sanakalipe. Anangoti, "Zikomo achimwene, mwayesetsa." Bola akanandituka.

Ndiye mukudziwa chimene tcheya analemba m'gulu m'mawa mwake? "Ophunzitsa azikonzekera bwino ndi kusunga nthawi." Kuwonjezera apo voisi noti ya mphindi 6 yofotokoza kuti ku ofesi kwawo zotere sizichitika. Munthu amene anadya mphindi 24 ndi moni! Sanaimbire mwana uja, sanaponye ngakhale metikali imodzi ya mafuta a njinga, ndipo Loweruka lotsatira anafunsa ngati ndingabwerezenso phunziro lija. Anthu ena udindo amaufuna chifukwa cha kuyamba kulankhula ndi kutseka ndi pemphero basi. Mpaka lero tikakumana ku Tete amandipatsa moni wa manja awiri ngati palibe chinachitika.

Tsono pa funso lanulo. Zoom sinalakwe kanthu, inanena poyera kuti yaulere ndi mphindi 40, anthu mpaka 100, ndipo inachita zomwezo. Google Meet yaulere imapatsa gulu mphindi 60, anthu 100, ndipo pa kompyuta imatseguka mu browser osaika pulogalamu, zimene zimathandiza malaputopu athu odzaza kale. Koma kujambula msonkhano pa yaulere kulibe. Teams yaulere nayo ndi mphindi 60. Amene mwalemba Skype m'makomenti, achimwene, imeneyo inatsekedwa mu Meyi 2025, ipumule mumtendere.

Jitsi ndimaikonda ndi mtima wonse, ndi yotseguka, aliyense atha kuona mmene inalembedwera, ilibe wotchi yokudulani, ndipo gulu la anthu okonda makompyuta ngati ife likanayenera kukhala nayo pa seva yakeyake. Kungoti kuyambira Ogasiti 2023, wotsegula chipinda pa meet.jit.si amayenera kulowa ndi akaunti, monga ya Google kapena GitHub, ndiye musaganize kuti aliyense angoyamba yekha. Titaiyesa ife, mafoni a RAM ya 2 GB ankatentha ngati mbaula makamera akachuluka, makamaka kwa anzathu a mumzinda wa Tete kumene dzuwa la Novembala limadutsa madigiri 40 ngakhale foni isanayatsidwe. Vuto ndi mafoni athu, koma ndi omwe tili nawo. Za seva yathuyo, ndani azilipira mwezi ndi mwezi, ndani azidzuka usiku ikagwa? Tisanamizane.

WhatsApp imalola anthu 32 pa kuyimba kumodzi ndipo sikirini imaonetsedwa, aliyense ali nayo kale, palibe wofunsa kuti ndidine pati. Pocheza ndi yabwino. Koma yesani kuwerenga malamulo olembera kompyuta mu terminal pa kafoni, muona ngati nyerere zikuyenda.

Kulipira ndiye musafulumire. Zoom yolipira ndi madola oposa 10 pamwezi, pafunika khadi, ndipo khadiyo ikhala ya munthu mmodzi. Mukatero mwadzipangira tcheya wina wogwira kiyi yekha. Chilichonse chimene musankhe, anthu awiri kapena atatu akhale okhoza kuyatsa msonkhano, ndipo linki ikhale imodzi yokhazikika pamwamba pa gulu, osati yatsopano sabata iliyonse. Wophunzitsa tsikulo ndi amene aziyendetsa. Moni ukhale wa pa chat.

Makamera azizimitsidwa, apa sindinyengerera. Mawu okha amadya megasi osakwana 40 pa ola, pomwe vidiyo ya gulu imatha kumeza theka la gigabayiti kapena kupitirira pa ola lomwelo. Mnzathu wa ku Tsangano amene amakwera kachulu kuti apeze netiweki sangapikisane ndi wa intaneti ya ku ofesi. Nkhope zanu tinaziona kale. Ngakhale, kunena zoona, usiku umandivuta ndi woti mwana uja akanaloza kamera ya foni yake pa laputopu, ndikanaona kuti akuchita pa makina enieni, ndikanamuletsa tisanafike n'komwe pa disiki. Ndiye mwina amene akutsatira ndi manja aziyatsa, koma aloze pa sikirini, osati pa mphuno. Kaya, muziona nokha. A ku Zóbuè ndi a ku Calómuè, musanalowe sankhani netiweki ndi dzanja m'foni, isamasankhe yokha, chifukwa pamalirepo imalumphira ya ku Malawi, saldo n'kutha musanamve ndi pemphero lomwe.

China, zinthu zoopsa ngati kugawa disiki, kusintha BIOS, kapulogalamu kamene kamadzutsa kompyuta poyatsa, kapena kufufuta, zisamaphunzitsidwe anthu akutsatira pompopompo. Jambulani kaye, munthu aonere kawiri mpaka kumapeto, Loweruka tizingofunsana mafunso. Ndipo chenjezo lizibwera musanaloze chinthucho. Ine masiku ano ndimayamba ndi "musadine" kenako ndi pomwe ndimasuntha mbewa.

Voti yanga mwaiona kale, ndipo ndikudziwa ena museka. Inde, ndavotera Zoom yomweyo. Imajambula kwaulere ngati woyendetsa ali pa kompyuta, mawu ake kwa ine amapirira netiweki ikamatsimphina, ndipo magetsi akazima pakati nthawi zina kafayilo kosamalizidwa kamatsala mufoda, n'kutheka kukasandutsa vidiyo pambuyo pake. Mphindi 40 zija tizigawe dala, zigawo ziwiri za mphindi 35, wina agwire wotchi n'kukuwa ikafika 30, tipume, tilowenso pa linki yomweyo. Mukasankha Meet sindikwiya, mukasankha Jitsi ndibwera ndi foni yanga yotenthayo. Koma phunziro la Linux Mint ndibwereza pokhapokha aliyense atatumiza kaye chithunzi cha flash yomwe wakoperamo mafayilo ake, ndione ndi maso anga.

Ndipo a admin, tcheya uja akadzapempha kulowa m'gulu lino, mundiuze kaye musanamuvomere.