Linear motor ikunjenjemera? Yambani mwaona njanji

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Mufakose mu Harare amene amagwira ntchito pa shopu yodula malata ku Graniteside. Abwana awo anagula makina a laser akale ku Johannesburg, anawamasula kuti akwere lole mpaka kudutsa pa Beitbridge, ndiye atawamanganso kuno, linear motor yake (mota yoyenda mu mzere m'malo mozungulira) ikunjenjemera ndipo drive (bokosi lamagetsi loyendetsa motayo) ikumangozima. Akufunsa ngati mota yapsa.

Achimwene, ndikukayika kuti yapsa. Mota imeneyi ilibe lamba kapena giya. Koyilo imayenda pamwamba pa mzere wa maginito osaugunda, ndipo chimene chimaigwira ndi njanji basi. Njanji ikapindika pang'ono, mota imaulula pompo.

Choncho yambani ndi njanji imodzi. Pukutani pamene ikhale, chifukwa kanyenyeswa kamodzi ka chitsulo pansi pake ndi kokwanira kuikweza. Ikankhireni ku phewa lija anasema pa bedi la makina, mumange mabauti motsatana ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), osati kudumphadumpha. Kenako ikani dial gauge (kawotchi koyezera kupatuka kochepa) pa ngolo (gawo loyenda pa njanji lonyamula koyilo), muyende nayo kuchokera kuno mpaka uko, ndipo njanji yachiwiri muilinganize ndi yoyambayo. Ngolo iziyenda ndi dzanja limodzi popanda pogwira.

Za maginito ndiye samalani. Ndi a neodymium, amphamvu kwambiri, ndipo pa mota ya iron core (ya koyilo yokulungidwa pa chitsulo) mphamvu yokokera pansi imaposa kangapo mphamvu yokankhira kutsogolo. Ine ku Msasa sipanala inandithawa m'manja n'kundipana chala, chikhadabo chinada mwezi wathunthu. Kokerani ngolo mbali imodzi, mumange mapuleti a maginito mbali inayo, muwaphimbe, kenako musinthe. Onetsetsani kuti mbali za maginito za N ndi S zikutsatizana monga mwa zizindikiro zake. Puleti imodzi ikatembenuzidwa, ngolo imadzuma pamalo omwewo nthawi zonse. Munthu wa pacemaker asayandikireko n'komwe.

Mpata wa pakati pa koyilo ndi maginito kawirikawiri umakhala pafupifupi milimita 1, koma nambala yeniyeni muitenge m'buku la motayo. Yezani ndi feeler gauge (timasamba topyapyala toyezera mpata) ya mkuwa kapena ya pulasitiki, kumapeto konse ndi pakati pomwe. Yachitsulo imakakamira ku maginito.

Komatu chimene ndikuchiganizira kwambiri pa makina anuwo ndi encoder, kachipangizo kouza drive pamene ngolo ili. Sikelo yake iyenera kulingana ndi njanji, ndipo galasi lake likhale loyera. Musanayatse mota, kankhani ngolo ndi dzanja muone ngati nambala zikukwera mbali imene drive ikuyembekezera. Ngati wina anasinthanitsa mawaya atatu a mota, U, V ndi W, pomanganso, mota ndi encoder zimakokana, ndiye kunjenjemera kuja. Mukakonza, chitaninso phasing (kuphunzitsa drive pamene koyilo ili poyerekeza ndi maginito) pa liwiro lochepa, dzanja lili pa batani la emergency.

Mundilembere nambala ya alamu imene drive ikuonetsa, komanso zimene dial gauge yawerenga.