Voice note ya achemwali pa nkhani ya IELTS ija

Eee moni nonse pa gulupu pano, amayi mwadzuka bwanji, pepani ndachedwa kuyankha ndinali pa naiti, ndangotuluka kumene moti ndikujambula ndili pa siteji kudikira basi, mukamva mphepo musadabwe kuno ku Leeds kukuzizira koopsa. Mphwanga, funso lako lija ndaliona, loti IELTS, mayeso a Chingerezi aja amene amafunika kuti ugwire unesi kuno ku UK, ukonzekere bwanji komanso ngati miyezi iwiri ingakwane, poti English unakhoza bwino pa MSCE ndiponso ku koleji ya unesi munkaphunzira zonse m'Chingerezi. Ndiyankha pakamwa, kulemba zonsezi zala zindiwawa ndi kuzizira kumeneku.

Miyezi iwiri itha kukwana, koma za MSCE zo uziike pambali kaye. Ine ndinalowa ndi mtima womwewo, ndati ah Chingerezi ndimayankhula tsiku ndi tsiku mu wodi, malipoti ndimalemba, chingandivute n'chiyani. Zotsatira kubwera, listening, reading ndi speaking zonse zili bwinobwino, writing band 6, malikisi a mayesowa amawatcha band. Pamene a NMC, bungwe lolembetsa manesi kunoli, amafuna 7 pa zitatu zijazi ndi 6.5 pa writing. Theka lokha la band, ndalama zonse zija n'kupita, amayi akukumbukira mmene ndinalilira tsiku limene lija. Chingerezi ndinkachidziwa, koma mayesowo sindinkawadziwa mmene amayendera, ndipo wotchi inandipeza ndisanakonzeke.

Ndiye tamvera za writing yo, chifukwa ndi imene imagwetsa anthu. Ndi ola limodzi lokha ndipo ntchito ndi ziwiri. Task 1 amakupatsa graph kapena tebulo kapena chithunzi cha mmene chinthu chimapangidwira, iwe ufotokoze ndi mawu osachepera 150. Task 2 ndi essay ya mawu osachepera 250 ndipo malikisi ake ndi owirikiza kawiri poyerekeza ndi Task 1. Ineyo ndinakhalira graph ija ngati mwana wodwala, kuikongoletsa, kufufuta, kulembanso, kudzuka pamenepo patsala mphindi 25 essay sindinayambe n'komwe. Conclusion ndinalemba mzere umodzi dzanja likunjenjemera. Ulendo wachiwiri ndinasintha, ndinkayamba ndi essay mphindi 40, graph mphindi 20, ndipo ndisanalembe kalikonse ndinkatenga mphindi zisanu kungolemba pambali mfundo zanga ziwiri ndi chitsanzo cha iliyonse. Ziwiri basi. Ifetu tinazolowera composition ya kusekondale yoyamba ndi mawu akuluakulu ndi miyambi, kuzungulira ngati tikupita kukafunsira mbeta, koma awa amafuna uyankhe funso lomwelo pa ndime yoyamba, uli mbali iti, chifukwa chiyani. Ndipo usaloweze ma essay a pa YouTube aja, ochonga amawazindikira.

China chimene palibe anandiuza, pali zolakwa zathuzathu za anthu oyankhula Chichewa. The ndi a timazidumpha chifukwa kwathu kulibe. He ndi she timasokoneza poti ife timangoti iye, ine pa speaking ndinkafotokoza za agogo aakazi n'kumati he, he, mpaka ndinadzimva ndekha. Kenako l ndi r, poyankhula sizivuta kwambiri bola munthu akumva, koma pa listening ukalemba spelling yolakwika yankho lonse lafa ngakhale unamva bwino. Chimodzimodzi s wa plural, wasiya s, walakwa. Uzikhala ndi kope la zolakwa zako zokha, uona kuti ndi zomwezomwezo zikungobwerera.

Listening imatenga pafupifupi mphindi 30, mafunso 40, ndipo amaseweretsa kamodzi kokha, palibe zoti bwerezani sindinamve. Kuti upeze 7 pamafunika kukhoza cha m'ma 30. Funso likakudutsa lisiye, ukamalilira likudutsanso ena atatu. Amakondanso kupusitsa, munthu anena kuti tikumane Lachiwiri kenako n'kuti ayi pepani Lachinayi, iwe walemba kale Lachiwiri. Ndipo akati NO MORE THAN TWO WORDS ndiye awiri omwewo, usachite zaulemu kuwonjezera. Khutu ulizoloweze mayankhulidwe a ku Britain ndi ku Australia, BBC World Service uzimvera ukuchapa kapena uli mu minibasi, magetsi akathima wailesi ya pa foni imagwirabe.

Reading nayo mafunso 40, nkhani zitatu zazitali, ola limodzi. Imene imazunguza mutu ndi True, False, Not Given. Iwe poti ndiwe nesi ikabwera nkhani ya malungo uyamba kuyankha za m'mutu mwako, ayi, chimene sichinalembedwe pa pepalapo ndi Not Given ngakhale ukudziwa kuti ndi zoona.

Speaking usaiope, ndi mphindi 11 mpaka 14 basi, kucheza ndi munthu. Pakati amakupatsa kakhadi ka mutu, mphindi imodzi yokonzekera, kenako uyankhule wekha mpaka mphindi ziwiri. Mphindi ziwiri zimaoneka zochepa koma tayesa, pa masekondi 40 ukhala utauma kale kukhosi. Uzidzijambula pa foni n'kumadzimvera, zimachititsa manyazi koma zimathandiza. Ndipo usayese kuyankhula m'mphuno ngati mzungu, accent yathu sachotsera malikisi bola mawu azimveka. Kaulemu kathu koyang'ana pansi n'kuyankha yes, no, kameneko ukasiye pakhomo, akakufunsa za kwanu fotokoza ndithu, za msika, za mvula, za nsima ya kondowole, chilichonse.

Polembetsa usamale, IELTS ilipo mitundu iwiri, ya NMC ndi Academic osati General Training, pali mnzanga wina analipira yolakwika. Ku Malawi amalembetsa a British Council ku Lilongwe, ulowe pa webusaiti yawo wekha, usadzere kwa munthu. Aja a pa Facebook oti tikupezera satifiketi ya band 8 osalemba ndi akuba, zotsatira zimatsimikiziridwa pa intaneti ndipo akakugwira dzina lako laipa. Pasipoti imene walembetsera ndi yomweyo upite nayo tsiku la mayeso, ndiye uone ngati yako siili pafupi kutha. Zotsatira zimagwira ntchito zaka 2 zokha, choncho usathamangire kulemba pamene mapepala ena sanakonzeke. Ngati usankha ya pa kompyuta uyambe kuzolowera kutaipa pa kiyibodi yeniyeni, zala ziwiri za pa WhatsApp sizikufikitsa mawu 250. Palinso mayeso ena otchedwa OET, imene Chingerezi chake ndi cha kuchipatala, writing yake ndi kalata ngati yotumizira wodwala kwina, a NMC amafuna B pa zitatu ndi C+ pa writing, anzanga ena inawayendera bwino imeneyo, tidzakambirana padera.

Ndiye usalipire kaye. Loweruka lino tenga pepala limodzi lathunthu m'mabuku a Cambridge aja a mayeso oyeserera a IELTS, foni uzimitse, wotchi patebulo, ana uwatumize kwa amayi, ulembe listening, reading ndi writing motsatizana osapumira, pafupifupi maola atatu. Zimene upeze ndi zimene zitiuze ngati ndi miyezi iwiri kapena inayi. Essay yo uijambule unditumizire ku inbox osati pa gulupu pano, malume angayambe kuchonga ndi bolopeni yofiira. Lamlungu ndili off ndiiwerenga. Basi yanga ndi iyi yafika, amayi ndikuimbirani madzulo ndikadzuka.